Jekete Limene Esinati Anapempha

Zimitsani kafoniko, inu ana. Iwe Dalitso, ndikunena iwe, chala ndikuchiona chikuyendabe. Mvula iyi siikata msanga, ndipo palibe amene akuchoka pano isanakate, choncho khalani pakhonde pomwepa mumve. Tiyike, nyamuka pamene wagwadapo, ukhale pampando. Wabwera kudzapempha loko wanga wamkuwa ndi bokosi lachitsulo lija, chifukwa anzako a m'gulu la achinyamata akusankha kuti uzisunga katundu wawo watsopano amene mukukatenga kutsidya masana ano. Ndamva. Ndamvanso mawu amene wawonjezera, akuti anzako ndi osasamala, iwe ukufuna zinthu zizikhala zatsopano. Yankho ndikupatsa, koma uyambe wamva za tsiku limene amai ako Esinati anamira mu mtsinje wa Lupande. Zimene unauzidwa za tsikulo si zonse, ndipo mbali yotsalayo ili ndi ine.

Inu mwandipeza ndili nkhalamba yodandaula mawondo, koma ine ndinagwira ntchito zaka zambiri kukampu ya alendo odzaona nyama. Ndinali wochapa ndi kusita. Musaseke, inali ntchito yaulemu. Nsimbi yake sinali iyi yanu yamagetsi yopepuka ngati mbale. Inali yamakala, yolemera, yokhala ndi katambala kachitsulo potsekera. Unkaika makala a mtengo wa mopane, kuigwedeza uku ndi uku kuti moto ukolere, kenako kulavulira pachala n'kukhudza kunsi kwake kuti umve ngati yapsa. Chilichonse chinkasitidwa, ngakhale masokosi, chifukwa kuchigwa kuno kuli ntchentche zija zoikira mazira pa zovala zoanika, ndipo mlendo akatuluka mphutsi pamsana, wochotsedwa ntchito ndiwe. Kumeneko ndinaphunzira lamulo limodzi lokha, lakuti chinthu cha mlendo chizioneka ngati dzanja la munthu silinachikhudzepo.

Koma ndisanamizire kukampu. Lamulolo ndinabadwa nalo. Amai anga anali ndi bulangeti limodzi labwino, ndipo linkakhala m'dengu kudenga, lokulungidwa ndi masamba a fodya kuti njenjete zisalidye. Ife tinkafunda masaka m'mwezi wa Juni, mano akugundana, bulangeti lili pamwamba pathu kudikira mlendo. Nkhuku zinkayenda pabwalo chaka chonse, ife tikudya mapira ndi therere, mpaka amalume atabwera kuchokera kumigodi. Palibe ankati n'kuumira. Tinkati ndi ulemu, ndipo mwana akaloza bulangetilo ankatsinidwa khutu.

Ambuya anu aakazi, amake Esinati, nawonso anali ndi zawo. Makapu asanu ndi limodzi oyera, okhala ndi kamzere kagolide kukamwa. Ndinakawagula ndekha ku Chipata titangokwatirana, nthawi imene kupita ku Chipata sikunali kukwera minibasi n'kubwerako madzulo monga muchitira inu. Unkadikira lole ya thonje pamsewu, mwina tsiku lonse, utanyamula mbatata zootcha ndi nsomba zouma m'kansalu, ndipo pokwera mapiri aja nonse munkatsika kukankha. Pobwerera makapuwo ndinawakulunga m'malaya anga, ine n'kukhala chifuwa pamtunda, fumbi likundilowa m'maso. Atafika pakhomo analowa m'kabati, ndipo ankatuluka abusa akabwera basi. Ana anga onse anakula akumwera m'zitini za jamu.

Iwe Dalitso, kapu imene ukumwera tiyi iyo, yothyoka chogwirira, uigwire bwino. Ndifika pa nkhani yake.

Nditapuma ntchito ndinasowa chochita. Munthu wozolowera kudzuka tambala asanalire sangakhale pansi pa mango n'kumathamangitsa ntchentche. Nthawi imeneyo achinyamata a mudzi uno anali atayambitsa gulu lawo. Ankavina ndi kuchita masewero alendo a kumaloji, kumene amagona odzaona nyama, akabwera kudzaona mudzi, monga achitira anzathu a kwa Kawaza. Ankayendanso m'tchire kuchotsa misampha yawaya, ndipo nthawi yamvula ankawolotsa ana asukulu ndi odwala. Wapampando wawo anali Lameki. Inde, Lameki yemweyo amene amakhala padooko akusoka maukonde a eni ake, wonunkha kachasu m'mawa, amene iwe Tiyike sunamupatsepo moni chibadwire. Nthawi imeneyo anali mnyamata wowongoka, wa mawu omveka kuchokera kuno mpaka kuchigayo, ndipo atsikana ankasintha njira yakumjigo kuti adutse pakhomo pake.

Alendo ena, mayi wachikulire ndi mwamuna wake, anakondwera nalo gululo ndipo anatumiza katundu. Kunabwera matochi, mpira, chingwe chachitali, nsalu zovinira, boti loyera la pulasitiki yolimba ndi nkhafi zake, ndiponso majekete oyandamitsa munthu pamadzi, khumi ndi awiri, aolenji, lililonse m'pepala lake la pulasitiki. Sabata isanathe mpira unaphulika paminga, tochi imodzi inapezeka kumowa kumudzi wina. Ine mtima unandiwawa. Pamsonkhano wa mudzi ndinaimika dzanja ndekha, popanda wondikakamiza.

"Ana awa atha zinthu mwezi usanathe," ndinatero. "Ndipatseni ine ndizisunga. Malipiro sindifuna."

Anthu anaomba m'manja. Lameki anabwera kudzandigwira dzanja ndi manja awiri. "A Sakala, mwatithandiza. Ife mitu yathu ndi yothamanga."

Ndipo ndinasungadi, zimenezo palibe angatsutse. Ng'oma ndinazipachika kudenga kuti chiswe chisazifike, zikopa zake ndikuzidzoza mafuta a nsatsi. Boti ndinkalitembenuza pansi pa msikidzi, pamwamba pa njerwa, dzuwa lisaliphwanye. Nsalu zovinira ndinkazichapa ndekha ndi kuzisita. Wobwereka tochi ankaibweza ikuyaka, apo ayi ankandimva. Majekete ndinawaika m'bokosi lachitsulo, momwemo m'mapepala ake, ndinatseka ndi loko, kiyi ndinamumanga pachingwe m'khosi. Anthu podutsa ankati, "A Sakala ndiye munthu, akanakhala wina zikanagulitsidwa kale." Mawu amenewo ankandikoma kuposa nyama.

Chilimwe chonse panalibe vuto. Inu mukudziwa mmene Lupande amakhalira mu Okutobala: mchenga wokhawokha, wotentha mpaka kusupula mapazi, amayi akukumba zitsime pakati pa mtsinje, njovu zikubwera kudzamwa m'zitsime zomwezo. Ndani angavale jekete pamchenga? Ana ankavina, ine ndinkasita, moyo unkayenda.

Mvula itayamba, madzi anabwera, boti linatsika padooko. Boti ndi nkhafi ndinkapereka mosavuta, chifukwa zimenezo ukatsuka zimayera. Koma Lameki anabwera kudzapempha majekete.

"A Sakala, tayamba kuwolotsa ana asukulu. Tipatseniko aja aolenji."

"Madzi afika pati?"

"M'chiuno chabe, koma akwera."

"Akakwera udzabwere. Ana asukulu adzawapaka mango ndi mamina."

Anaseka, napita. Anabweranso kachiwiri pambuyo pa Khirisimasi, ndipo ndinamuuza kuti makolo athu ankawoloka mtsinje womwewu pa bwato la mtengo umodzi, ataimirira, mbuzi ili pamapewa. Zinali zoona. Chimene sindinamuuze, ngakhale ndinkachidziwa bwino, n'chakuti makolo omwewo ankamiranso, ndipo manda awo tinkawalambula chaka ndi chaka. Lameki anali mwana woleredwa bwino, sakanakangana ndi munthu wa msinkhu wa atate ake. Anakanda mutu, nabwerera.

Tsopano ndinene za amai ako, Tiyike. Esinati anali mwana wanga wachitatu, ndipo ndiye anali woyambitsa nyimbo m'gululo. Atate ako nthawi imeneyo anali kutali, kukampu ya masikauti oteteza nyama, kubwera kamodzi pamwezi. Iwe unali wa miyezi isanu ndi itatu, wadazi, wolira ngati wabedwa, ndipo kulirako sunasiye mpaka lero, umangokusintha kukhala kulongolola. Esinati sankadziwa kusambira. Chifukwa chake ndine. Ali wamng'ono, ng'ona inagwira mwana wa mnansi wathu, ndipo sabata yomweyo ndinamupeza iye akusewera m'madzi ndi anzake. Ndinamukwapula ndi kamtengo ka bwemba kuchokera kumtsinje mpaka pakhomo. Chiyambire tsikulo sanalowenso m'madzi opitirira mawondo, ndipo ine ndinkadzitama kuti ndili ndi mwana womvera.

Mu Febuluwale uthenga unabwera kuchokera kuloji, wakuti alendo aja opereka katundu abweranso, ndipo Loweruka adzafika m'mudzi kudzaona gulu. Ine sindinathe kukhala pansi. Chaka chonse ndinali kudikira tsiku limeneli. M'mutu mwanga ndinali nditaona kale zonse: ndikutsegula bokosi, mayi uja akuona majekete ake onse ali monga anawatumizira, kenako akutembenukira anthu n'kunena kuti m'mudzi muno muli munthu wodziwa kusunga.

Lachitatu m'mawa ndinali pakhonde pano, tebulo lili apo pali Dalitsopo, ndikusita nsalu zovinira. Usiku wake mvula inali itagwa kumapiri. Kuno kunangowaza, koma mkokomo wa mtsinje unkamveka mpaka pakhomo. Esinati anabwera iwe uli kumsana, nagwada pomwe unagwada iwe paja.

"Mwauka bwanji, atate?"

"Ndauka. Kaya inu ndi kamwanako?"

"Tauka. Atate, a Lameki andituma. Tifuna kuwoloka, tikadule mlaza wokongoletsera chisakasa cha alendo. Madzi akwera, afika pamkuyu. Akuti mutipatseko majekete, faifi chabe."

Lameki anachita kuganiza. Anadziwa kuti iye ndamukaniza kawiri, ndiye anati tate sangakanize mwana wake. Ine ndinaona nzeru yakeyo, ndipo inandikwiyitsa.

"Alendo abwera liti?" ndinafunsa.

"Loweruka."

"Ndiye mufuna adzaone matope? Mlaza uli ndi minga, ung'amba nsalu. Masiku atatu okha. Likapita Loweruka muzivala mpaka kutchalitchi ngati mufuna."

Ambuya anu anali pakhomo apo akusankha mpunga. Anati, "Mpatseni mwana, atate ake a Esinati. Simukumva madziwo?"

"Za gulu sizikukhudzani," ndinawayankha. "Sankhani mpunga."

Esinati sanadzuke. Anakhala chogwada, akuyang'ana pansi, akukugwedeza iwe kumsana. Kenako analankhula motsitsa mawu, moti ndinachita kuimitsa nsimbi kuti ndimve.

"Limodzi lokha, atate. Langa."

Inu ana, mawu amenewo ndimawamva tsiku lililonse. Kiyi anali pachifuwa panga, bokosi linali kuseri kwa chitseko icho, mapazi asanu kuchokera pamene ndinaima. Ndinati, "Ndikatsegula limodzi, anthu adzati a Sakala akondera mwana wawo. Khala pakati pa boti, usagwedezeke, suona kanthu."

"Chabwino, atate," anatero. Anaomba m'manja pang'ono monga achitira mwana waulemu, anakumasula iwe n'kukupereka kwa ambuya ako, namanga chitenje chake bwino, napita. Sanatembenuke. Ine ndinamaliza nsalu imene ndinkasita, ndinazimitsa makala, ndinakwera njinga kupita ku Mambwe kukagula sopo ndi sitachi, kuti malaya anga a Loweruka adzaume bwino kolala.

Ndinabwerera dzuwa litapendeka. Polowa m'mudzi ndinaona kuti pamjigo palibe munthu, zidebe zili mbwee. Mayi wina amene ndinakumana naye panjira atandiona anakhala pansi pomwepo m'matope, nafunda chitenje kumutu. Njinga ndinaigwetsa pamenepo, sopo ndi sitachi zili pakaliyala, ndinathamangira kudooko.

Mudzi wonse unali kumeneko. Madzi anali ofiira, othamanga, atanyamula zinyalala ndi nthambi. Lameki anali atakhala m'matope wopanda malaya, m'manja atagwira chitenje chimene ndinachidziwa. Anthu ndiwo anandifotokozera. Anali asanu m'boti, anyamata anayi ndi Esinati. Atafika pakati, mtengo wathunthu wozulidwa ndi mizu yake unatulukira pakhota, unagunda boti m'mbali n'kuligudubuza. Anyamatawo anasambira, ena anagwira bango. Esinati anaonekera kawiri. Kachiwiriko Lameki anamufikira namugwira, koma chimene chinatsala m'manja mwake ndi chitenje.

Atandiona anakwawa ndi mawondo kubwera pamapazi anga.

"A Sakala, ndapha mwana wanu. Esinati anatiuza kuti wakupezani mutapita kale ku Mambwe ndi kiyi. Anzanga anati tidikire mubwere. Ndine ndinati tiyeni, nthawi yatha. Ndine, a Sakala."

Mwamva, inu ana? Esinati atachoka pano sanakawauze anzake kuti atate akana. Anachita manyazi m'malo mwanga. Sanafune kuti anyamata aja adziwe kuti tate wake wamukaniza jekete limodzi madzi atafika pamkuyu, ndiye ananama kuti sanandipeze. Mawu omaliza amene mwana wanga analankhula za ine pa dziko lino anali bodza londiphimba. Ndipo ine, mudzi wonse ukumva, kiyi akundizizira pachifuwa, ndinaika dzanja pamutu pa Lameki n'kunena kuti, "Ndi chifuniro cha Mulungu, mwana wanga."

Ndinakweza maso, ndinaona ambuya anu ataima kumbuyo kwa anthu, iwe uli m'manja mwawo. Ankandiyang'ana.

Tinafunafuna masiku awiri. Masikauti anabwera kudzathandiza ndi mfuti chifukwa cha ng'ona, atate ako ali pakati pawo, maso atatupa. Lachisanu tinamupeza kumunsi, atakodwa m'mizu ya mtengo. Ng'ona sizinamukhudze, ndipo anthu anati tithokoze zimenezo. Tinamuika Loweruka.

Alendo aja anafika tili kumanda. Palibe anakumbukira kuwatumizira uthenga. Anatsika m'galimoto, anavula zipewa, anaima kumbuyo mpaka titamaliza. Pambuyo pake akuluakulu a mudzi anati ndi bwino tiwaonetse katundu, angaganize kuti majekete tinagulitsa. Tinabwera pakhonde pano. Ndinatulutsa bokosi, ndinavula kiyi m'khosi, ndinatsegula. Onse khumi ndi awiri anali mmenemo, opindidwa bwino, akununkhirabe kusitolo. Mayi uja anatenga limodzi, analitembenuza, anayang'ana pepala lake losang'ambika. Kenako anafunsa kudzera mwa mnyamata wowayendetsa.

"Akuti, sanavalidwepo?"

Limenelo ndi funso limene ndinalidikira chaka chonse, ndipo yankho lake ndinali nditalikonzekera ndi chimwemwe.

"Ayi," ndinatero. "Ngakhale kamodzi."

Analibweza m'bokosi pang'onopang'ono, anapita kukakhala m'galimoto, natseka chitseko. Sanabwerenso m'mudzi muno.

Anthu anang'ung'udza ndithu kuti a Sakala anaumira nawo majekete nyengo yonse. Koma za tsikulo ankati, nanga akanatani munthu kulibe? Mlandu unagwera amene anati tiyeni. Atate ako, Tiyike, anafuna kumutema Lameki ndi chikwanje, anthu anachita kuwagwira. Mtsikana amene Lameki ankafuna kukwatira anabwezedwa ndi makolo ake. Gulu analisiya, kutchalitchi anasiya, mawu ake aja anazilala. Ine ndinkaona zonsezi. Ndinkadutsa padooko, iye n'kuimirira, kuvula chipewa, kundipatsa moni ngati munthu wopempha chikhululukiro, ine n'kuyankha.

Anthu amaliro atabalalika, m'mawa mwake ambuya anu anandibweretsera tiyi. Anali m'kapu ya kamzere kagolide. Ndinati, "Kodi kwabwera alendo?" Anagwada, anaika kapuyo patsogolo panga, napita. Mawa lake chimodzimodzi. Makapu onse anatuluka m'kabati, bulangeti la alendo linayalidwa pamphasa pomwe iwe unkakodzera, mbale zabwino zinayamba kudyera ana. Zaka khumi ndi zinayi mayi ameneyo anandipatsa tiyi m'kapu ya alendo m'mawa uliwonse, ndipo za Lachitatu lija sanatchulepo ngakhale kamodzi. Ndikanakonda akanandilalatira pagulu, kapena kundithira madzi otentha. Makapuwo anasweka imodziimodzi, ambiri munaswa ndinu, ndipo iwo sanakalipire mwana aliyense. Yotsala ndi imeneyo, Dalitso.

Majekete ndinawatulutsa sabata yomweyo. Ndinapita nawo ndekha padooko, ndinang'amba mapepala, ndinawapachika pamkuyu kuti aliyense wowoloka azitenga. Anada ndi matope monga ndinkaopera. Anapakidwa mango ndi mamina, anasuluka ndi dzuwa, zingwe zake zinaduka anthu n'kumangira luzi. Lina linathera m'chikwere cha nkhuku za eni ake. Koma boti linagudubukanso chaka china, muli ana asukulu, ndipo onse anayandama ngati zikho mpaka anthu anawavuula. Mmodzi mwa anawo ndi amene amakubayani jekeseni kukiliniki lero. Anthu anandiyamika chifukwa cha zimenezo, ndipo kuyamikako kunandiwawa kuposa kunyozedwa.

Ndinapachika khumi ndi limodzi. Lina lija linatsala m'bokosi, limene Esinati anapempha. Dzanja langa linakana kuling'amba.

Mufunsa kuti n'chifukwa chiyani ndinakhala chete zaka zonsezi. Ndinkadziuza kuti ndikaulula ndiye kuti ndamuyesa wabodza mwana wanga ali m'manda, kuti iye mwini anafuna kuti zikhale choncho. Zimenezo zinali zodzinamiza. Ndinkaopa basi. Ndinkaopa atate ako, ndinkaopa mudzi, ndinkaopa kutaya dzina lija lakuti a Sakala ndiye munthu. Kenako iwe unayamba kuyenda, kunditsata kulikonse, kugona pamiyendo panga, ndipo mantha onse aja anasanduka amodzi: kuti tsiku lina udzandiyang'ana monga umamuyang'anira Lameki. Ndinkakuona ukulavula malovu ukadutsa pafupi naye, uli kamtsikana ka giredi fo, ndipo sindinakuletse.

Ambuya anu akudwala komaliza, tsiku lina masana anandituma madzi. Nditawabweretsera anagwira chingwe cha kiyi m'khosi mwanga, anachikoka pang'ono. Anati, "Tiyike mudzamuuze. Mukapanda kutero, ndikamuuza Esinati kumene ndikupitako kuti mwamukaniza kachiwiri." Papita zaka zinayi chimwalirire, ndipo ndakhala ndikuti mawa, mawa. Lero wabwera wekha, wagwada pamalo omwewo, wapempha bokosi lomwelo, ndipo m'kamwa mwako mwatuluka mawu anga. Ndinamva ngati ndikudziona ndekha ndili ndi nsimbi m'manja.

Ndiye yankho lako ndi ili. Loko sindikupatsa. Katundu wa gulu usamale, inde, umupachike pomwe chiswe sichifika, wobwereka abweze. Koma chinthu chimene chinabwera kudzagwira ntchito chigwire ntchito, chide, ching'ambike, chithe. Akabwera eni ake adzapeze nsanza. Ndipo munthu akagwada pamaso pako kupempha, usayambe wafunsa kuti alendo abwera liti.

Waimirira. Palibe kanthu, sindikuti ulankhule. Ngati sufunanso kunditcha ambuya, ndi ufulu wako, ndinadya ulemu wako zaka zambiri popanda kuuyenera.

Musiyeni, inu, musamugwire. Musiyeni apite.

Mvula yakata kodi? Walowera njira iti? Yakudooko. Anzake akumudikira kumeneko ndi boti, ndipo majekete awo atsopano ali kutsidya pamodzi ndi katundu yense. Tamverani mkokomowo. Madzi amenewo afika pamkuyu.

Kokani bokosilo kuno. Kiyi ndi uyu, sachoka m'khosi. Loko walimba ndi dzimbiri, tembenuzani mwamphamvu. Ilo. Taonani, likadali laolenji monga tsiku limene linabwera. Ayi, Dalitso, khala pansi, ndikudziwa kuti uli ndi miyendo, koma ulendo uwu si wako. Ndipatse ndodo yanga. Pepalali nding'amba ndekha, mano awiri amene atsalawa akwanira.

Akakana kulandira m'manja mwanga, ndikamupatsa Lameki amuveke, sachoka padooko ameneyo. Ndipo Lameki ndikamuuza, anthu onse akumva, kuti Lachitatu lija Esinati anandipeza. Ndinali pakhonde pano, ndikusita.